Ma refa a NFL asamathamangire wezulo mpira ukagwa pansi

Mapointi awiri omwe Seattle Seahawks inapatsidwa pa gemu yake ndi Los Angeles Rams pa 18 Disembala 2025 anakanganitsa anthu okonda mpira wa ku America wa ligi ya NFL kuposa gemu yeniyeniyo, ena akuti ma Rams anaberedwa poyerayera, ena akuti lamulo lake ndi lopanda mutu lingochotsedwa basi. Kwa amene munali mtulo, pajatu kuno kwathu gemu ya Lachinayi usiku ku America imayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa Lachisanu, zinayenda chonchi. Seattle inali ikutsalira 30-28 itangochinya touchdown, chigoli chofikitsa mpira mu end zone, malo akumapeto kwa bwalo, nde inasankha kuyesa mapointi awiri, omwe amapezeka pofikitsanso mpira mu end zone, kuti zifanane. Quarterback wawo, wosewera amene ntchito yake ndi kuponyera anzake mpira, Sam Darnold, anaponya mpira cham'mbali kuti ukapeze Zach Charbonnet, mpira unagunda helemeti ya Jared Verse wa Rams n'kudumphadumpha pansi mpaka kukalowa mu end zone. Ma refa anati incomplete, kutanthauza kuti mpira woponyedwa kutsogolo wagwa pansi ndipo wafa, aliyense anaima, Charbonnet anangoyenda n'kukautola osathamanga n'komwe. Ataunika vidiyo anapeza kuti mpirawo unachoka m'manja mwa Darnold kulowera cham'mbuyo, ndekuti unali udakali wamoyo, ndipo poti anautola mu end zone ndi wa Seattle, mapointi awiri ndi awo. Zinakhala 30-30, kenako Seattle inawina 38-37 mu nthawi yowonjezera. Ine mbali yanga ndi iyi: chigamulo chomalizacho chinali cholondola, lamulo losiyanitsa fumble (mpira wopulumuka m'manja) ndi backward pass (mpira woponyedwa cham'mbuyo) likhale mmene lilili, ndipo amene analakwitsa usiku umenewo ndi amene anafulumira kuimitsa masewero asanatsimikize kuti mpira walowera kuti. Pakakhala chikaiko, refa azisiya play, ndiko kuti kulimbirana mpira komwe kuli mkatiko, ithe kaye, azigamula pambuyo.

Kuti timvane bwino tiyambe ndi lamulo lenilenilo, chifukwa ambiri amene akukalipa sakulidziwa bwinobwino. Mpira ukachoka m'manja mwa wosewera n'kugwa pansi, refa ali ndi mayankho atatu. Ngati unaponyedwa kutsogolo, ndi incomplete, mpira wafa, timu yomweyo iyambiranso pomwe inali. Ngati unaponyedwa cham'mbuyo, olo molunjika m'mbali ndendende poti zimenezonso amaziwerenga ngati m'mbuyo, ndi backward pass, mpira ndi wamoyo, aliyense atha kuutola n'kuthamanga nawo. Ngati wosewera sanauponye koma wamupulumuka kapena amulanda, ndi fumble, nawonso ndi wamoyo. Ndiye mufunsa kuti awiri omalizawa akusiyana pati poti onse ndi amoyo, eti? Nthawi zambiri sasiyana ndithu, koma pali malo atatu pomwe amasiyana kwambiri: pa mpata wachinayi, womwe ndi womaliza pa mipata inayi yomwe timu imapatsidwa kuti iyende mayadi 10, komanso mu maminitsi awiri omaliza a hafu iliyonse, komanso poyesa mapointi pambuyo pa touchdown. Pa malo amenewa, fumble ya timu yanu amene angaitole n'kupita nayo patsogolo ndi yekhayo amene wagwetsayo, akatola mnzake wa timu yomweyo kutsogolo mpira umabwezedwa pomwe unagwera. Backward pass ilibe chingwe chimenechi. Ndichifukwa chake Darnold akanakhala kuti mpira unangomupulumuka, Charbonnet akanautola pachabe, koma poti anauponya, mapointi anawerengedwa.

Anthu oyamba otsutsa akuti apa pomwepa ndi pomwe pali bodza, mpira wagwa pansi ndi wagwa pansi, bwanji osangoika lamulo limodzi kuti refa asamavutike kusankha dzina. Ndikuwamva, ndipo kunena zoona ngakhale olemba ma stats a NFL backward pass ikagwa pansi amailemba ngati fumble, nde sapota wamba sangalakwe kusokonezeka. Koma funsani kaye kuti chingwe cha fumble chija chinabwera chifukwa chani. Pa 10 Seputembala 1978, Oakland Raiders ikutsalira 20-14 kwa San Diego Chargers kutatsala masekondi 10, quarterback Ken Stabler akugwetsedwa anausiya mpira kuti ugubuduzike kutsogolo, Pete Banaszak anaukankhiranso kutsogolo, Dave Casper anaupondaponda mpaka kuugwera mu end zone. Refa Jerry Markbreit anati ndi fumble, touchdown inawerengedwa, Raiders inawina 21-20, ndipo pambuyo pake Stabler anavomera yekha kuti anachita dala. Play imeneyi mpaka lero amaitcha Holy Roller, ndipo chaka chotsatira ligi inakhwimitsa lamulo. Cholinga chake chinali chimodzi, kutseka chinyengo choti timu yomwe yasowa pogwira izinamizira kugwetsa mpira kutsogolo kuti ipeze mayadi aulere. Tsono munthu woponya cham'mbuyo akuba mayadi ati? Iyeyo akutaya dala malo omwe anapeza movutikira, komanso akuika mpira poti aliyense atha kuutenga. Kumupatsa chilango cha Stabler ndi kulanga munthu pa mlandu womwe sanapalamule.

Kuti muone kuti kuponya m'mbuyo kuli ndi mtengo wake kale, taonani zomwe zinagwera New England Patriots ku Las Vegas pa 18 Disembala 2022, tsiku lomwelo zaka zitatu m'mbuyomo. Zigoli zili 24-24, nthawi yatha, akanangogwa pansi gemu n'kupita mu nthawi yowonjezera, koma Rhamondre Stevenson anaponyera Jakobi Meyers, Meyers anauponya kutali cham'mbuyo kufuna quarterback wawo Mac Jones, anauwakha ndi Chandler Jones wa Raiders, kumukankhira Mac Jones pansi n'kuthamanga mayadi 48. Raiders 30, Patriots 24. Palibe anafunika kuwalanga a Patriots, mpira unawalanga wokha. Komanso mbali inayi, lamulo limodzi lija likanapha imodzi mwa ma play okoma kwambiri a mpira wa m'makoleji. Mu Novembala 2015 Arkansas ikutsalira 52-45 kwa Ole Miss mu nthawi yowonjezera, mpata wachinayi, ikufunika mayadi 25, Hunter Henry wa Arkansas anawakha mpira asanafike pamzere wa mayadi 25 aja, akumugwetsa anangouponya cham'mbuyo osaona n'komwe komwe ukupita, unadumpha pansi, mnzake Alex Collins anautola n'kudutsa mzere uja. Arkansas inadzawina 53-52. Ku koleji nakonso lamulo la fumble ya pa mpata wachinayi liliko, nde ikanakhala fumble Collins sakanaloledwa kuyenda nawo olo yadi imodzi. Ma refa anaona kuti Henry anaugwira bwinobwino n'kuuponya ndi manja ake, anati backward pass, ndipo analondola. Inu mukufunadi mpira womwe play ngati imeneyi ndi yoletsedwa?

Ena akuti chabwino, koma mpira wa Darnold unathera kutsogolo, mu end zone, ndiye mayadi aulere aja si omwewa. Yankho lake ndi lalifupi. Unapita kutsogolo chifukwa unagunda mutu wa wosewera wa Rams, sanaukankhe ndi wa Seattle. Palibe kochi angakonze pulani yoti tiyeni timugende mdani pa helemeti mpira ukagwere mu end zone. Ndi mwayi basi, ndipo mwayi womwewo unali wa onse, wosewera wa Rams akanautola nkhani ikanathera pomwepo.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemererako. Akuti kusiyanitsa fumble ndi backward pass ndi kulowa mu mtima wa munthu, kodi anaponya dala kapena unamupulumuka, ndipo refa si mneneri, nde bola lamulo louma loti lisamafune maganizo a refa n'komwe. Vuto lake ndi loti NFL inayesapo kale zimenezi ndipo tonse tinaona zotsatira. Mu 1999 anabweretsa lamulo lotchedwa tuck rule, loti dzanja la quarterback likangoyamba kupita kutsogolo ndekuti wayamba kuponya, olo asinthe maganizo n'kumabweza mpira kuthupi kwake, ukagwa ndi incomplete. Ankafuna kuti refa asamaganize zoti munthuyu amafuna kutani. Ndiye pa 19 Januwale 2002, chipale chofewa chikugwa ku Foxboro kwawo kwa Patriots, Raiders ikutsogola 13-10, Charles Woodson wa Raiders anamugunda quarterback wa Patriots Tom Brady mpira n'kugwa, Greg Biekert wa Raiders anaugwera, aliyense wa maso awiri anaona fumble. Refa Walt Coleman ataona vidiyo anati incomplete, ndipo mwa lamulo lake sanalakwe. Adam Vinatieri wa Patriots anamenya field goal, chigoli chomenya mpira ndi phazi kudutsa pakati pa mitengo ya golo, ya mayadi 45 n'kufananitsa, Patriots inawina 16-13 mu nthawi yowonjezera n'kukatenga Super Bowl, fainolo ya NFL, yawo yoyamba. Lamulolo analichotsa mu 2013, eni matimu 29 anavotera kuti lichoke, mmodzi yekha anakana. Ndiye lamulo louma silinachotse mkangano, linangopangitsa refa kunena chinthu chomwe maso ake akukana. Komanso zoti refa amalowa mu mtima wa wosewera ndi zokokomeza. Amayang'ana dzanja. Kodi mpira unali m'manja bwinobwino, dzanja linaukankha, kapena unachoka dzanja lili lopanda kanthu chifukwa wina waumenya? Zimenezi zimaoneka, ndipo pa vidiyo yoyenda pang'onopang'ono zimaoneka bwino kwambiri. Milandu yovutadi, monga munthu amene akufuna kuponyera mnzake m'mbuyo wina n'kumugunda mkono nthawi yomweyo, ilipo koma ndi yochepa, ndipo imeneyo ndi ntchito yomwe ma refa asanu ndi awiri amalembedwera pa gemu iliyonse.

Tsopano tifike pa dandaulo la masapota a Rams lomwe ndimalilemekeza kwambiri. Akuti osewera amaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti refa akaimitsa play uziima, ukapitiriza ndiwe ukulangidwa, nde ma Rams anamvera refa, wa Seattle n'kutola mpira ngati akuthandiza kukonza bwalo, kenako omvera aja ndi amene aluza. Zimawawa ndithu, ndipo amene akuti ma Rams angokhala chete sakunena chilungamo. Koma taganizirani njira inayo, chifukwa inalipo kale ndipo inali yoipa kuposa iyi. Pa 14 Seputembala 2008 Chargers ikutsogola 38-31 ku Denver kutatsala kamphindi pang'ono, mpira unamupulumuka quarterback Jay Cutler wa Denver Broncos akukonzekera kuponya, Tim Dobbins wa Chargers anautola, gemu ikanathera pamenepo. Koma refa Ed Hochuli anali ataimba kale wezulo poganiza kuti ndi incomplete. Vidiyo inaonetsa poyera kuti ndi fumble, Hochuli anavomera kuti walakwitsa, koma lamulo la nthawi imeneyo linkati wezulo ikalira mpira wafa, nde Denver inausunga mpira pa mzere wa mayadi 10, inachinya, inayesa mapointi awiri, inawina 39-38. Mu 2009 ligi inasintha kuti vidiyo ikaonetsa kuti mpira unali wamoyo ndipo pali amene anautola moonekeratu nthawi yomweyo, apatsidwe ameneyo. Ma Chargers nawo ali ndi tsoka lake abale, 1978 ndi iwo, 2008 ndi iwo, malamulo amakonzedwa iwo ataluza kale. Ndiye amene mukufuna kuti wezulo izipha chilichonse mukupempha kuti tibwerere kwa Hochuli, komwe aliyense mu sitediyamu akudziwa chilungamo, refa yemwe akuchidziwa, koma palibe angachite kanthu.

Mukaika nkhani ziwirizi pamodzi muona kuti matenda ake ndi amodzi. Ku Denver wezulo yothamanga inapweteka timu yomwe inatola mpira, ku Seattle inapweteka timu yomwe inaima. Lamulo mungalitembenuze mbali iliyonse, wezulo ikalira molakwika pali timu yomwe iluze ndithu, chifukwa simungabweze masekondi omwe osewera 22 akanathamangira mpira uja. Pomwe refa akasiya play kuti ithe kenako n'kupezeka kuti inalidi incomplete, kukonza kwake n'kosavuta, mpira ubwerere pomwe unali, wotchi ikonzedwe, palibe waluza kanthu. Kulakwitsa kwina kumakonzeka, kwina sikukonzeka, ndiye munthu wanzeru akamakaika amasankha kokonzekako. Okonda mpira wathu wamiyendo mukudziwa kale zimenezi, chibwerere VAR mu Premier League woyimbira wa m'mbali akakaika offside amadikira kuti play ithe asanakweze mbendera, timakalipa pa TV kuti akuchedwa chani koma chifukwa chake ndi chomwechi. Ndipo ma refa a NFL amachita kale zimenezi pa ma fumble ambiri, chomwe ndikunena ndi choti mpira woponyedwa cham'mbali kumbuyo kwa mzere womwe play ikuyambira, ngati wa Darnold uja, uzilowa m'gulu lomwelo nthawi zonse.

Komabe pali mfundo imodzi yomwe imandivuta ine ndemwe, ndipo sindiibisa. Mu NFL vidiyo imasintha chigamulo cha pabwalo pokhapokha umboni ukhale woonekeratu, ukakhala wokaikitsa chigamulo cha pabwalo chimakhala. Ndiye otsutsa akuti refa akamasiya play iliyonse yokaikitsa, ndekuti chigamulo cha pabwalo chizikhala choti mpira unali wamoyo nthawi zonse, ndipo vidiyo ikalephera kutsimikiza, timu yomwe inatola ikuwina osati chifukwa refa anaona choncho koma chifukwa anaopa kuimba. Masapota a Buffalo Bills akudziwa mmene umboni wokaikitsa umawawira. Pa 8 Januwale 2000 ku Nashville, Bills ikutsogola 16-15 kutatsala masekondi 16, Lorenzo Neal wa Tennessee Titans anawakha kickoff n'kupatsa Frank Wycheck, Wycheck anauponya kudutsa bwalo kwa Kevin Dyson yemwe anathamanga mayadi 75. Refa Phil Luckett anaunika vidiyo n'kusiya touchdown, Titans 22, Bills 16, ndipo ku Buffalo alipo ambiri amene amalumbirabe kuti mpira uja unapita kutsogolo. Kuvuta kwake n'koti kamera ikakhala kuti siili pamzere weniweniwo imanamiza maso, mpira wolunjika m'mbali umaoneka ngati wapita kutsogolo kapena m'mbuyo kutengera komwe kamera yaima. Kuwonjezera apo wosewera akamathamanga mpira umatenga liwiro lake, ngati mmene chitsononkho chotayidwa pa windo la minibasi ikuyenda chimakagwera kutsogolo kwa pomwe munachitayira olo mutaponya cham'mbuyo. Anzathu a rugby ku South Africa amayang'ana komwe manja alozetsa mpira, koma NFL imayang'ananso pomwe mpira wayamba kukhudza munthu kapena pansi poyerekeza ndi pomwe unachokera m'manja, nde kusiyana kwa phazi limodzi kumagamula sizoni yonse.

Yankho langa pamenepa ndi loti kusaimba wezulo sikuyenera kutengedwa ngati chigamulo. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo ma refa azizilekanitsa poyera. Play ithe, kenako ma refa amene anali pafupi ndi mzere akumane, aliyense anene chomwe anaona, refa wamkulu alengeze pa maiki kuti ife taona mpira wapita kutsogolo, kapena taona wapita m'mbuyo, ndipo chimenecho ndiye chikhale chigamulo cha pabwalo chomwe vidiyo iyenera kugwetsa ndi umboni. Akatero palibe timu ikupatsidwa mphatso chifukwa refa anachita mantha, komanso tikudziwa amene anatola mpira onse akuulimbirana, osati wina akuyenda ena ataima. Kuyambira 2017 mawu omaliza pa vidiyo amachokera ku likulu la ligi ku New York, ndipo ligi yolemera chonchi singalephere kuika kamera yoyang'ana molunjika mzere womwe play ikuyambira pa gemu iliyonse, osati pa ma gemu akuluakulu okha omwe TV yabweretsa makamera ambiri.

Alipo amene akuti zonsezi zitha ndi tekinoloje, poti mipira ya NFL ili kale ndi kachipangizo mkati kotsata komwe ukupita, ndipo mu 2025 anayamba kuyeza mayadi 10 aja ndi makamera a Hawk-Eye mmalo mwa tcheni. Pa funso loti mpira walowera kutsogolo kapena m'mbuyo zingathandize, ndipo ndingakondwe nazo. Koma kachipangizo kali mkati mwa mpira sikangakuuzeni ngati Hunter Henry anaponya kapena unamupulumuka, kamangodziwa kuti mpira wayenda. Funso la fumble ndi backward pass lidzafunabe munthu woyang'ana dzanja.

Chotsala ndi nkhani ya kuvulala, ndipo ndi yoona, masewerowa anthu amathyoka mafupa, nde play iliyonse yomwe yapitirira pachabe ndi mpata wina woti munthu avulale akulimbirana mpira womwe unali wakufa kale. Sindikunena kuti refa azisiya mpira uliwonse wogwa pansi, quarterback akaponya mayadi 15 kutsogolo mpira n'kugwa palibe chokaikitsa, wezulo ilire pompo. Ndikunena za ma play ochepa aja omwe mpira wapita cham'mbali kumbuyo kwa mzere, kapena wachoka m'manja munthu akugundidwa, omwe pa gemu yathunthu mwina simuwaona n'komwe. Malamulo oteteza osewera sachoka chifukwa play yapitirira, womenya mnzake mwankhanza alangidwabe olo mpirawo udzapezeke kuti unali incomplete. Ndipo zomwe zilipo panopa ndi zoopsa kuposa zomwe ndikupemphazi, chifukwa pambuyo pa gemu ya Seattle kochi aliyense wanzeru auza anyamata ake kuti mpira uli pansi uzigwerapo basi olo wamva wezulo, ndekuti tizikhala ndi osewera ena oima ena akubwera ndi liwiro lonse, ndipo munthu amavulala kwambiri akagundidwa atamasuka thupi poganiza kuti play yatha.